Buledi wa Madandaulo

4 Febuluwale

Mwana wanga,

Munthu amene anandilakwira pa dziko lino ndi mayi ako aakulu, mlamu wanga, amene ine ndimawatcha a Tsabola. Ndayamba ndi iwowo kuti usadzanene kuti bambo anazungulira ngati galu wofuna pogona. Tsopano moni. Kuno ndili bwino, bondo lokha ndi limene layamba kulosera mvula kuposa wailesi. Kaya iwe kutaliko ndi kuzizira kwanuko? Undiuze ngati chifuwa chija chinatha.

Phukusi lako lafika, kalata ndi buku. Wati mumasonkhana ku laibulale ndi anzako, mumawerenga mabuku a anthu oferedwa, kenako mumakambirana. Ine ndinkayesa kuti chisoni munthu amachithawa, koma inu ophunzira mumachita kukachibwereka pa shelefu. Chabwino. Koma kumapeto kwa kalatayo wandigenda. Wati ukufuna kuphika buledi wa mayi ako, uja wa makoko a lalanje, ndiye ine ndipite kwa a Tsabola ndikafunse kaphikidwe kake. Mwanawe, ukudziwa kumene ukundituma?

Nkhaniyi umaimva m'zidutswa, anthu akuseka. Lero uimve kwa mwini wake. Iwe unali usanayambe kuyenda. Loweruka lina mayi ako ndi mkulu wawoyo anaphika buledi mu uvuni uja ndinamanga ndi manja anga kuseri kwa nyumba, aliyense wake. Ine ndinangonena mawu amodzi, akuti buledi wa mkazi wanga ndingamudziwe ngakhale ndili m'tulo. A Tsabola anadumpha. "Alamu, tulo n'kutali. Tingokumangani kumaso." Anandimanga ndi mpango wa mayi ako, pakhonde, oyandikana nawo ataima kumpanda. Mbale ziwiri. Ndinalawa uyu, ndinalawa uyo, ndinaloza wofewa, wonunkhira, n'kunena mokweza kuti, "Wa mkazi wanga ndi uyu."

Atandimasula, ndinapeza anthu atafa ndi phwete. Akuti ndaloza wa a Tsabola.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linafa. Ndinasanduka Lilime la Thabwa. A Tsabola anafalitsa kuti penti amene ndinkapaka m'nyumba za anthu anandipha mphuno, ndiponso kuti munthu wolekera sukulu panjira ngakhale pakamwa pake sipadziwa kuwerenga. Kugolosale ankandipatsa katundu n'kunena kuti, "A Thabwa, uyu ndi sopo, musadye." Mayi ako nawo, m'malo mondiikira kumbuyo, anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Ndipo moyo wawo wonse, akamaika buledi patebulo ankati, "Nayu wa mlamu wanu."

Ine ndikudziwa chimodzi: a Tsabola anasinthanitsa mbale. Pamaliro a mayi ako tinangopatsana moni wa nsonga za zala. Akadzavomera pagulu, ndidzapita. Asanavomere, phazi langa silipondako.

Bukulo zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Ndatchingira nalo zenera la kukhitchini lija limadzitsekera lokha. Likugwira bwino ntchito.

Ndine bambo ako.

21 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wa mwana wanu. Chifuwa chinatha kalekale. Bondolo muzilipaka mankhwala aja ndinasiya m'kabati, osamangoliyamikira kuti limadziwa zanyengo. Kodi mtengo wa malalanje wabereka chaka chino?

Kalata yanu inandiseketsa mpaka mnzanga wa kuntchito anandifunsa ngati ndamwa mankhwala a odwala. Koma Bambo, ndimvereni. Buledi ameneyu ndamuyesa kambirimbiri. Mukudziwa kuti ntchito yanga ku famase ndi kuyeza mankhwala, ndipo sindiphonya. Ufa ndimayeza pa sikelo, mchere pa sikelo, yisiti pa sikelo. Chotuluka mu uvuni ndi njerwa. Wotsiriza ndinapatsa mayi wa khomo loyandikana ndi langa. Anathokoza bwinobwino, mawa lake ndinaona atatchingira chitseko. Ndiye musadzimve nokha, alipo ena amene amatchingira zinthu ndi mphatso zanga.

Amayi ankandiitana kukhitchini. "Bwera udzaone manja angawa, sadzakhalapo mpaka kalekale." Ine ndinkayankha ndili chigonere pabedi kuti, "Ndimalize kaye tsamba ili." Masamba sanathe, Bambo. Anatha ndi amayi. Chaka chapita tsopano. Nkhope yawo ndili nayo pa chithunzi, mawu awo ndili nawo m'foni. Koma fungo la nyumba yathu Loweruka m'mawa palibe pamene ndinalisunga, ndipo layamba kundithawa. Kuno palibe amene anawaonapo. Ndikafuna kuuza anzanga kuti amayi anali munthu wotani, mawu amandichepera.

Gulu lathu lagwirizana kuti tikamaliza bukuli, aliyense adzabweretse chakudya chimene mayi ake ankaphika. Tonse ndife obwera, aliyense kwawo, ndiye patebulopo padzakhala mayiko ambiri. Wina akuti msuzi, wina makeke. Ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti buledi. Sindikufuna kukaika njerwa patebulo n'kunena kuti awa ndiwo amayi anga.

Amayi aakulu saonanso, kalata sangawerenge, ndipo foni akuti amaitsekera m'kabati kuti isawasokose. Mwatsala ndinu. Sindikuti mukawakhululukire. Mungotenga kalata ino, mukawawerengere, mulembe zimene anene. Mukhoza kuima pakhomo osakhala pansi.

Ndipo bukulo lichotseni pazenera, mvula ingalinyowetse.

Mwana wanu.

29 Malichi

Bambo,

Moni. Mwezi watha osamva kanthu. Ndikatsegula kabokosi ka makalata ndimangopeza mapepala otsatsa malonda. Ngati mukudwala, uzani munthu andiimbire. Ngati mwakwiya, ndapepesa. Ndinakutumani kumene mtima wanu sufuna, chifukwa cha buledi chabe. Zisiyeni. Ku gulu ndidzagula wa m'sitolo, ndidzamuchotsa m'pepala, palibe adzadziwe. Mungondilembera mzere umodzi kuti muli moyo.

Mwana wanu.

12 Epulo

Mwana wanga,

Ndili moyo. Umenewo ndiye mzere wako umodzi, ina yonseyi ndangokuwonjezera. Sindinakwiye, sindikudwala. Ndinalibe nthawi. Malalanje abereka mpaka nthambi kugwada. Ndipo buledi wa m'sitolo usayerekeze, mayi ako ankati ameneyo ndi siponji yotsukira mbale.

Ndinapita. Usaganize kuti ndinagonja, ndinapita ngati mthenga. Ndinavala jekete, buku lako ndinaika m'thumba kuti lizisuzumira, aone kuti nafenso timawerenga. Ndili m'basi ndi pamene ndinakumbukira kuti munthuyo saona.

Ndinawapeza pampando pakhomo, atakumbatira wailesi. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Kukununkha penti. A Thabwa, mwasochera?"

"Penti ndinamusiya kalekale," ndinatero.

"Iye sanakusiyeni. Khalani pansi, mukunditchingira dzuwa."

Ndinati ndiima, mwana wandiuza kuti ndikhoza kuima. Anati, "Imani, bondo ndi lanu." Ndinakhala.

Kalata yako ndinawawerengera. Ukudziwa kuwerenga kwanga, kuli ngati ngolo pa msewu wokumbika. Iwo, poti anali kalaliki wa kupositi, ankandikonza mawu aliwonse. Koma nditafika paja pakuti "ndimalize kaye tsamba ili", kukonza kunatha. Anazimitsa wailesi. Anati mankhwala a m'maso akuwayabwa. Kenako anati, "Mng'ono wanga ankabwera kuno kudzadandaula zimenezo. Akamaliza ankati, komatu mwanayo ali ndi mutu, musiyeni awerenge."

Podzuka, buku linagwa m'thumba.

"Chagwa n'chiyani?"

Ndinawauza.

"Werengani."

Ndinati ine ndabwerera za buledi. Anati, "Mutu umodzi wa buku, chinsinsi chimodzi. Zaulere zinatha." N'chifukwa chake kalata yachedwa. Mayiyu wandipatsa kaphikidwe kameneka ngati mankhwala a chifuwa, kasupuni kasupuni. Ndakhala ndikukwera basi Lachiwiri ndi Lachisanu, nditavala magalasi a mayi ako, poti anga anathyoka mwendo.

Bukuli si loipa. Mtsikana uja mayi ake ankagulitsa tiyi pa siteshoni ya sitima, amene wasunga ketulo yawo osaitsuka, ndamumvetsa. Kunonso kapu ya mayi ako palibe amamwera. Chondinyansa n'chakuti tafika pakati, bambo wa mwanayo sanatulukirebe. Ndinafunsa kuti kodi m'nyumbamo mwamuna mulibe? A Tsabola anati, "Alimo, akupenta kuseri."

Tsopano nawa mawu awo. Ndalemba monga ananenera. Zimene ndazitchingira m'mbali ndi zanga.

Mwanawe, ndine mayi ako aakulu. Sikelo yakoyo ukaibweze kuntchito. Ufa uzitapa ndi manja awiri mpaka beseni lifike pakati. Mchere wodzaza kadzenje ka pachikhatho. Mkaka ufunde ngati womwetsa khanda, shuga ndi yisiti zisungunukire mmenemo. Lalanje upale khungu lachikasu lokha, choyera cha mkaticho chimawawa ngati bambo ako. (Bodza.) Koma zonsezi ngakhale a m'sitolo amazidziwa. Nkhani ili pa kukanda. Iwe umakanda mpaka liti? Ndikudziwa, umayang'ana wotchi. Amayi athu, agogo ako, analibe wotchi. Anatiphunzitsa kuti uzikanda uku ukudandaula za mwamuna wako, mokweza, chimodzichimodzi, osasiyako. Mkwiyo umatsikira m'mikono. Madandaulo akatha, ndiye kuti mtanda wafewa. Uuphimbe ufufume. Mwamunayo akamalowa amapeza mkazi woseka ndi buledi wotentha, sadziwa n'komwe kuti waweruzidwa. N'chifukwa chake buledi wa mayi ako ankaposa wa tonse. Anali ndi zokandira zambiri. (Apa ndinaika cholembera pansi n'kutuluka panja. Ndabwerera chifukwa cha iwe.) Yesa, utiuze. Uzivala zofunda. Mlembi wangayu dzanja lake ndi lochedwa, koma amabwera.

Ndi zimenezo. Ine ndinkawamva ndithu mayi ako akuyankhula okha kukhitchini Loweruka lililonse. Ndinkayesa akupemphera.

Ndine bambo ako.

10 Meyi

Okondedwa Bambo, ndi Amayi aakulu amene ndikudziwa kuti akumvetsera,

Moni nonse awiri. Sindinaganizepo kuti ndidzalemba mawu amenewa pa pepala limodzi. Mwafika pati m'buku? Musadumphe masamba, Bambo, ndimakudziwani.

Vuto loyamba munaliiwala: ine mwamuna ndilibe. Ndinayamba ndi abwana a kuntchito. Madandaulo anatha ufa usanagwirane n'komwe. Ndi munthu wabwino, kungoti amatafuna chingamu mokweza. Ndinayesa eni nyumba, za mpope wodontha uja. Panatuluka njerwa yofewerapo. Kenako ndinadzifunsa kuti, amayi ankakandira ndani? Bambo, mundikhululukire, ndinakubwerekani. Za masokosi patebulo, za kukana foni, za kusunga chakukhosi kuyambira ine ndikukwawa mpaka imvi zayamba kundimera. Mtanda unayamba kumvera!

Koma mkati mwake, sindikudziwa kuti zinatembenuka bwanji. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Inunso Amayi. Munandibisira kuti matenda akula. Pafoni munkati ndi kutopa chabe, mpaka ndinagula tikiti yobwerera kwathu ya mwezi wotsatira, osadziwa kuti sindidzakupezani. Munkandiitana kamodzi n'kundisiya, bwanji simunandilande bukulo n'kundikokera kukhitchini ndi khutu? Ndikadzakhala ndi mwana, akamalira osatonthola, ndidzafunsa ndani?"

Ndinawakalipira, Bambo, mokweza, mpaka mayi wa chitseko uja anagogoda kufunsa ngati kwabwera alendo. Pamaliro sindinalire bwino, ndinatanganidwa ndi kulandira anthu. Ndalirira m'beseni la ufa. Madandaulo atatha ndinayang'ana pansi: mtanda uli see, ngati tsaya la mwana.

Unafufuma mpaka kukankha mbale yovundikira. Utalowa mu uvuni, nyumba yonse inasanduka Loweruka. Ndinakhala pansi m'khitchini, msana kukhoma, n'kumangonunkhiza.

Ku gulu sindinanene zambiri. Ndinaika buledi patebulo, ndinati awa ndi amayi anga, tengani. Sipanatsale ngakhale nyenyeswa. Nditawafotokozera muyeso wa kakandidwe, mayi wina wachikulire anaseka mpaka kutsamwa. Akuti ndi mwamuna amene ali nayeyo akhoza kutsegula bekale.

Tsopano funso langa, Amayi aakulu. Ngati amayi anali ndi zokandira zambiri chomwecho, zinatheka bwanji kuti tsiku la mpango lija wofewa akhale wanu?

Mwana wanu nonse.

2 Juni

Mwana wanga,

Moni. Bondo lilipo. Kalata yako ndinaiwerenga kaye ndekha kukhitchini, kenako kwa a Tsabola. Magalasi a mayi akowa ali ndi vuto, amachita nthunzi pa mizere ina. Wawakalipira bwino. Inenso ndinayesa, ufa ndinalibe, ndinangokalipira mpando wawo. Zimathandiza. Za masokosi tidzakambirana.

Buku tamaliza. Bambo uja anatulukira kumapeto kwenikweni, atanyamula ketulo yatsopano. A Tsabola akuti ndi chitsiru. Ine ndikuti ndi munthu yekhayo wanzeru m'buku lonse. Tinakangana mpaka basi inandisiya. Akuti utumize lina, la zilembo zazikulu.

Funso lako ndinaliwerenga mokweza, mtima ukuti lero mbala yagwidwa. Anaseka mpaka wailesi kugwa pansi. Tamva zimene ananena.

"Alamu, sabata imeneyo munagwidwa ndi mzimu wabwino. Munapenta khitchini ya mkazi wanu osapemphedwa. Munamugulira ambulera. Munkafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Mng'ono wanga anaima pa beseni kufunafuna chodandaula, osachipeza. Anakanda pang'ono, n'kuyamba kumwetulira yekha ngati wozerezeka, basi n'kuphimba. Buledi wake anatuluka ngati chidendene. Ine malemu mwamuna wanga anali wofatsa ngati pilo, sankandipatsa chokandira, ndiye ndinkabwereka inu. Tsiku limenelo ndinakanda za kudzitama kwanu, za nsapato zanu za penti pa mkeka wanga, za kunditengera mng'ono wanga. Mtanda unachita kuwala. Mbale sindinasinthe. Munaloza buledi amene munali inuyo mkati mwake."

Ndinafunsa ngati mayi ako ankadziwa. Akuti ndi chimene chinawakhazika pansi m'fumbi.

Nkhaniyi ndaiganiza njira yonse. Ngati ndi yoona, ndiye kuti buledi yense wabwino wa m'banja lino, wa mayi ako, wa a Tsabola, ndi wako yemwe, ndaphikitsa ndine, osagwira ufa. Ndiponso kuti sabata yokhayo imene ndinakhala mwamuna wabwino ndi imene inandiphera dzina. Koma sindinavomere. Munthu amene wakhalapo kalaliki amadziwa kukonza nkhani. Ine ndikuti anasintha mbale.

Choncho mlanduwu uzengedwenso. Uvuni ndaukonza, ming'alu ndamata, chitseko chake ndapenta. Malalanje ena ndawasiya mumtengo. Mpango uja wa mayi ako ulipo, uli m'sutikesi pansi pa jekete. A Tsabola avomera kudzaphikanso. Akuti pokanda maso safunika, ndipo miyezi ino ndawapatsa zokandira zokwana chaka. Iwenso usade nkhawa, ukafika udzapeza masokosi patebulo.

Ndakalamba, mwanawe, ndipo sindipempha zambiri. Ndisanatsikire kuli chete ndikufuna chinthu chimodzi. Ubwere. Uphike wako, iwo aphike wawo, mundimange kumaso pakhonde lomwe lija, anthu aime kumpanda. Ndikaloza wako, a Tsabola andibwezere dzina langa pamaso pa onse. Ndikalozanso wolakwika, usandimvere chisoni. Useke. Useke mpaka ukhale pansi m'fumbi, poti kuseka kwako ndi kwa mayi ako, ndipo pakhonde pano papita nthawi kusanamveke.

Ndine bambo ako,
amene ena amati Thabwa.